Anatema mnzake ndi chikwanje atamenyedwa ndi botolo: kodi ndi mlandu wofuna kupha?

Mayi wina wa ku Bangwe walemba kuti: "Mchimwene wanga wa zaka 26 amayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Loweruka usiku anakangana ndi mnzake pamalo omwera mowa chifukwa cha ngongole. Iye akuti mnzakeyo ndiye anayamba kumumenya ndi botolo pamphumi, ndiye anatola chikwanje cha mayi wogulitsa nzimbe n'kumutema kawiri, pamkono ndi m'mutu. Wovulalayo ali ku Queens, akuti achira. Apolisi akuti mlandu wake ndi wofuna kupha munthu. Ena amene analipo akuti anamumva akunena kuti 'lero ndikupha'. Anali atamwa, koma sanapalamulepo mlandu chibadwire. Abale a wovulala akuti tikawapatsa ndalama akatseketsa mlandu. Kodi kudziteteza ndi mlandu? Adzakhala kundende moyo wake wonse? Tipereke ndalamazo?"

Mayi, pepani ndi zimene zagwa pakhomo panu. Ndiyambe ndi funso lanu lomaliza chifukwa ndi limene lingakupwetekeni msanga: ndalama zotseketsera mlandu musapereke. Ndibwereranso ku nkhani imeneyi, koma ndafuna muimve musanagulitse njinga ya mchimwene wanu kapena kukatenga katapila.

Mlandu umene apolisi atchulawo uli m'gawo 223 la Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango zake. Gawoli limati munthu woyesa kupha mnzake, kapena wochita chinthu choika moyo wa mnzake pachiswe ali ndi cholinga chomupha, angathe kukhala kundende moyo wake wonse. Mawu akuti "moyo wonse" asakudwalitseni mtima. Pamenepo ndi pamene chilango chimathera, sipamene chimayambira, ndipo makhoti amasungira chilango chotere milandu yoipitsitsa. Mukukumbukira kuti mu September 2013 a Paul Mphwiyo, amene anali mkulu woona za bajeti ku unduna wa zachuma, anawomberedwa pageti la nyumba yawo ku Area 43 ku Lilongwe. Mu 2016 Khoti Lalikulu linapeza a MacDonald Kumwembe ndi a Pika Manondo olakwa pa mlandu wofuna kupha ndipo pa mlandu umenewo linawapatsa zaka 15 aliyense. A Ralph Kasambara, amene anakhalapo nduna ya zachilungamo, anawapatsa zaka 13 pa mlandu wopangana zopha munthu, ndipo anachita apilo. Panali mfuti, panali kubisalira munthu usiku, koma palibe anapatsidwa moyo wonse. Sindikuti nkhani ya mchimwene wanu ndi yaing'ono. Ndi yaikulu ndithu, ndipo akapezeka wolakwa ndende ndi yovuta kuilewa.

Mlandu wonsewu wagona pa chinthu chimodzi: cholinga. Kuti anatema munthu palibe akutsutsa, iye mwini akuvomera. Funso ndi lakuti, pamene chikwanje chinali m'mwamba, mumtima mwake ankafuna chiyani? Apa lamulo lili ndi chinthu chimene chimadabwitsa anthu ambiri. Munthu akamwalira, boma lingapambane mlandu wakupha pongoonetsa kuti wozengedwa mlandu ankafuna kuvulaza mnzakeyo modetsa nkhawa, ngakhale sankafuna kuti afe. Koma munthu akakhala moyo n'kuti mlandu ndi wofuna kupha, zimenezo sizikwanira. Boma liyenera kuonetsa, popanda kusiya chikaiko chomveka, kuti wozengedwa mlanduyo ankafunadi imfa ya mnzakeyo. Kufuna kumukhaulitsa, kumupundula, kumuchititsa manyazi pagulu, zonsezo ndi milandu, koma si gawo 223.

Milandu ina ija ili pafupi pomwepo. Gawo 235 ndi la wovulaza mnzake ali ndi cholinga chomulumalitsa kapena kumuvulaza modetsa nkhawa, ndipo nalonso chilango chake chimafika moyo wonse. Gawo 238 ndi la kuvulaza modetsa nkhawa, malire ake ndi zaka 14. Gawo 241 ndi la kuvulaza kosiya bala, malire ake ndi zaka 7. Apolisi nthawi zambiri amalemba mlandu waukulu poyamba, wovulala akadali m'chipatala zisanadziwike kuti zitha bwanji. Mlandu ungasinthe usanayambe kuzengedwa, ndiponso khoti lili ndi mphamvu yopeza munthu wolakwa pa mlandu wocheperapo umboni wa waukuluwo ukaperewera. Choncho zimene zalembedwa kupolisi lero si chigamulo.

Nanga woweruza adzaona bwanji za mumtima mwa munthu? Amaziwerenga pa zimene zinachitika, ndipo apa ndikufuna tikhalepo pang'ono chifukwa ndi pamene loya wa mchimwene wanu adzatuluke thukuta.

Chikwanje ndi chida choopsa, izo sitingakane. Koma pali kusiyana kwakukulu pakati pa munthu amene anachoka pabala, n'kupita kunyumba, n'kukatenga chikwanje kuseri kwa chitseko, n'kubwerera, ndi munthu amene anangotola chimene chinali pafupi ndeu ili mkati. Woyambayo anali ndi nthawi yoganiza panjira yonse. Mchimwene wanu, ngati zimene wakuuzani n'zoona, sanachoke nacho kunyumba, ndipo zimenezo zimuthandiza. Chimene sichimuthandiza ndi bala la m'mutu. Woimira boma adzanena kuti aliyense amadziwa kuti chikwanje m'mutu ndi imfa. Adzatenganso bala la pamkonolo n'kunena kuti limenelo si bala lolinga pamkono, koma munthuyo anakweza mkono kutchinga chikwanje chimene chimapita kumutu, ndiye kuti kawiri konse cholinga chinali mutu. Mfundo imeneyi imamveka m'makhoti kawirikawiri, ndipo loya wanu aikonzekere. Lipoti la kuchipatala lidzalankhula kwambiri. Kodi bala ndi lakuya bwanji? Fupa la mutu linang'aluka, kapena khungu lokha ndi limene linachekeka? Anatema ndi kukuthwa kwa chikwanje kapena anamenya chafulati? Mwamuna wa zaka 26 akatema ndi mphamvu zake zonse, bala silikhala losoka timasitichi tochepa n'kutha. Ngati mabala ndi osaya, pali poyambira kunena kuti dzanja silinatsike ndi mtima wopha.

Chinanso ndi mmene ndeu inathera. Anasiya yekha mnzakeyo atagwa, kapena anthu anachita kumugwira akufuna kutemanso? Munthu amene ali ndi chikwanje m'manja, mnzake ali gone pansi, palibe womuletsa, iye n'kuchitaya, amakhala waonetsa kanthu kena za cholinga chake. Kusiyako sikufafaniza zimene wachita kale, koma kumathandiza woweruza kuona ngati imfa inalidi m'maganizo mwake. Pambuyo pake anathawa n'kubisala, kapena anathandiza kupeza galimoto yopita ku Queens, kapena anakadzipereka yekha kupolisi? Zonsezo zimalowa m'mbale imodzi.

Tsono mawu aja akuti "lero ndikupha". Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo mlomo umenewu umutsatadi mpaka kukhoti. Komabe oweruza athu ndi Amalawi, amadziwa kuti mawu akuti "ndikupha" amamveka tsiku lililonse mu Blantyre muno. Mayi amauza mwana wake amene waswa mbale, kondakitala amauza mnzake polimbirana pasenjala mu Limbe, ndipo palibe amafa. Mawu okha sapanga mlandu wa gawo 223. Vuto ndi lakuti akalankhulidwa munthu atagwira chikwanje, kenako chikwanjecho n'kutera m'mutu, amalemera. Loya ayenera kufunsa mboni iliyonse payokha: mawuwo ananenedwa nthawi yanji, mchimwene wanu asanamenyedwe ndi botolo kapena pambuyo? Munaima pati? Nyimbo zinali kulira? Munamwa angati inuyo? Munawauza apolisi tsiku loyamba lomwelo, kapena mawuwa atulukira patapita masiku anthu atakambirana kumaliro ndi kumsika? Mboni za pamowa zimasemphana kwambiri zikafunsidwa modekha.

Mwafunsa ngati kudziteteza ndi mlandu. Ayi, si mlandu. Gawo 17 la Penal Code limalola munthu kugwiritsa ntchito mphamvu poteteza moyo wake, wa mnzake kapena katundu, ndipo khoti likakhutira kuti kunalidi kudziteteza munthu amamasulidwa kotheratu. Chosangalatsa china n'chakuti si udindo wa mchimwene wanu kutsimikizira khoti kuti ankadziteteza. Iye angoonetsa umboni womveka woti nkhaniyo ilipo, ndipo boma ndi limene liyenera kuigwetsa. Koma kudziteteza kuli ndi malire awiri amene anthu amawaiwala. Ngozi iyenera kukhala ilipo nthawi yomweyo, ndipo mphamvu imene wagwiritsa ntchito ifanane ndi kukula kwa ngoziyo. Khoti siliyembekeza kuti munthu amene magazi akutsikira m'maso ayeze mphamvu zake pasikelo, limamvetsa mantha a nthawi imeneyo. Koma limasiyanitsa kudziteteza ndi kubwezera.

Taganizani zithunzi ziwiri. Choyamba: botolo lasweka pamphumi, mnzakeyo wagwirabe khosi la botolo losongoka, akubwera, kumbuyo kuli khoma, benchi la nzimbe lili pambali pomwepo, mchimwene wanu n'kutola chikwanje. Chachiwiri: botolo lasweka, anthu aleretsa, mnzakeyo wabwerera pampando kapena akutuluka, mchimwene wanu n'kuyenda mpaka kumsewu kumene kuli mayi wa nzimbe, n'kulanda chikwanje, n'kubwerera. Choyambacho ndi kudziteteza kumene kungamveke. Chachiwiricho ndi kubwezera, ngakhale papite mphindi imodzi yokha. Ndipo ngakhale m'chithunzi choyamba, woweruza adzafunsabe za kutema kwachiwiri: pamene ankatemanso, ngozi inali ikadalipo?

Ndiye mukuona kuti mboni yofunika kuposa onse ndi mayi wogulitsa nzimbe uja. Sanali kumwa, chikwanje chinali chake, akudziwa pamene chinali ndi mmene chinachokera m'manja mwake. Dziwani dzina lake ndi kumene amakhala, mupereke kwa loya. Inu musapite kukamuuza zoti akanene, musamugulire ngakhale sopo. Kusokoneza mboni ndi mlandu pawokha, ndipo kungachititse kuti mchimwene wanu amanidwe belo.

Kuputidwa ndi nkhani ina, ngakhale anthu amaisakaniza ndi kudziteteza. Magawo 213 ndi 214 amanena za munthu wopha mnzake mtima uli m'mwamba chifukwa choputidwa mwadzidzidzi, ndipo ntchito yake ndi kutsitsa mlandu wakupha mwadala kuti ukhale wakupha mosakonzekera. Sikumasula munthu, ndipo m'nkhani ngati iyi, imene munthu sanafe, musakudalire ngati chishango. Kumene kudzagwire ntchito ndi pa nthawi yopempha kuti chilango chichepe, pamenepo botolo lija lidzawerengedwa ndithu.

Mowa nawonso anthu amaudalira mopitirira. Gawo 13 limanena poyera kuti kuledzera si chodzitetezera, kupatula ngati munthu anachita kumuledzeretsa wina iye osafuna, kapena kuledzerako kunafika pomuchititsa misala moti sankadziwa chimene akuchita. Koma gawo lomwelo limati khoti liganizire za kuledzera pofuna kuona ngati munthuyo analidi ndi cholinga chimene mlanduwo umafuna. Pa mlandu umene wagona pa cholinga chopha, khomo limeneli lilipo, ngakhale ndi lopapatiza. Munthu woledzera amakhalabe ndi cholinga, ndipo amene anatha kuona chikwanje, kuchitola ndi kulunjika bwino amavutika kunena kuti mutu sunkagwira. Onaninso kuti mfundo ziwirizi zimakokana. Simunganene kuti ndinaona ngozi bwinobwino n'kudziteteza moyenera, uku mukunenanso kuti ndinaledzera osadziwa kanthu. Loya adzasankha njira imodzi atamva zonse. Za matenda a maganizo simunatchule, koma ngati mchimwene wanu analandirapo chithandizo chotere, kaya ku Zomba Mental Hospital kaya kwina, kapena amadwala khunyu, muuzeni loya tsiku loyamba ndipo mutenge mabuku ake a kuchipatala.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa milandu yotere ndi sitetimenti ya kupolisi. Ndinayimirapo mnyamata wina amene nkhani yake inali yabwino ndithu, koma m'sitetimenti yake munali mzere umodzi wakuti "ndinakwiya ndiye ndimafuna ndithane naye". Iye ankatanthauza kuti amuleke kumuvutitsa. Mzerewo unawerengedwa m'khoti mobwerezabwereza, ndipo tinatha nthawi yaitali tikulimbana ndi tanthauzo la mawu awiri okha. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu womangidwa ufulu wokhala chete, ufulu wosakakamizidwa kuvomera mlandu, ndi ufulu wokambirana ndi loya mwachinsinsi. Ngati mchimwene wanu sanaperekebe sitetimenti, angathe kunena mwaulemu kuti akufuna ayambe waonana ndi loya. Ngati apereka, anene zimene zinachitika motsatana, botolo alitchule, bala lake alitchule, ndipo asasainire pepala limene sanaliwerenge kapena kuwerengeredwa m'Chichewa. Ngati anasaina kale, musataye mtima. Loya adzaiona, ndipo ngati panali kumenyedwa kapena kuopsezedwa, zimenezo zimanenedwa m'khoti.

Tibwerere ku ndalama zija. Mlandu uwu si wa banja la wovulala. Pachikuto cha failo padzalembedwa kuti boma ndi limene likuzenga mchimwene wanu, ndipo wovulalayo ndi mboni chabe ya boma. Gawo 161 la Criminal Procedure and Evidence Code limalola khoti kulimbikitsa kuyanjana pa milandu ing'onoing'ono ngati kumenyana wamba, koma osati pa milandu ikuluikulu ngati uwu. Mphamvu yothetsa mlandu wotere ili ku boma, makamaka kwa mkulu wozenga milandu ya boma amene timati DPP. Ndiye abalewo akukugulitsani chinthu chimene si chawo. Mungapereke ndalama lero, iwo n'kupita kupolisi kukanena kuti takhululuka, failo n'kupitabe kukhoti. Mlandu suola. Choopsa china, kulandira kapena kupangana za ndalama kuti mlandu waukulu ubisike kapena usazengedwe ndi mlandu pawokha, ndipo inu amene mukufuna kuthandiza mungapezeke mwalowamo.

Izi sizikutanthauza kuti muwaumire mtima anthu amenewa. Mwana wawo wagona m'chipatala ndi bala m'mutu, sakugwira ntchito, akuwononga ndalama za mayendedwe ndi chakudya. Kupita kukazonda wodwala, kupepesa ndi kuthandiza pa zosowa za kuchipatala ndi umunthu, ndipo khoti limaziganizira pochepetsa chilango. Chitani poyera, mutatenga akuluakulu a kubanja kapena a kumpingo, chimene mwapereka chilembedwe, ndipo pasakhale mawu akuti "tikupatsani kuti mukatseke mlandu". Funsani loya musanapite. Muzimupemphereranso wodwalayo kuti achiredi, chifukwa cha moyo wake, komanso chifukwa akamwalira ndi mabala amenewa mlandu udzasanduka wakupha pansi pa gawo 209, ndipo zonse ndanenazi zidzasintha.

Za belo ndi masiku. Munthu womangidwa ayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba limene khoti likugwira ntchito ngati maolawo athera pa Loweruka, Lamlungu kapena holide. Malamulo aakulu a dziko amati munthu atulutsidwe, pa belo kapena popanda belo, pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti asungidwe. Belo ya kupolisi ndi yaulere, ngakhale pa mlandu waukulu chonchi, wovulala ali m'chipatala, yembekezani kuti nkhani ya belo ikathera kukhoti. Kumeneko adzayang'ana ngati ali ndi malo okhazikika, ngati angathawe, ngati angasokoneze mboni, ndiponso ngati iye mwini angakhale wotetezeka akabwerera kudera kumene anthu akadali okwiya. Konzekerani anthu awiri odalirika omuimira, okhala ndi ziphaso za unzika ndi malo odziwika. Ngati ku Bangwe kwatentha, kunena kuti akakhala kwa m'bale wina ku Chilomoni kapena ku Chirimba kungathandize. Mlandu wofuna kupha umakazengedwa ku Khoti Lalikulu, lomwe kuno lili ku Chichiri, ndipo majisitireti amangoutumiza kumeneko. Ukatsika kukhala wa gawo 238 kapena 241, majisitireti angauzenge. Akamanidwa belo adzakhala pa rimandi, ndipo kuyambira pamene lamulo linasinthidwa mu 2010 pali malire a masiku amene munthu angasungidwe mlandu usanayambe. Malirewo akadutsa, ndi chifukwa champhamvu chopemphereranso belo, choncho lembani tsiku limene anamangidwa ndi tsiku lililonse limene waonekera kukhoti.

Ngati ndalama za loya palibe, pitani ku ofesi ya Legal Aid Bureau ya mu Blantyre. Ntchito yawo ndi kuimira anthu amene sangathe kulipira loya. Kundende kumafikanso alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI, amene amathandiza a pa rimandi kumvetsa za belo ndi kutsata mafailo awo. Ndalama zimene mumafuna kupereka zotseketsera mlandu zija, ngati zilipo, ndi bwino zigwire ntchito kuno.

Mundilole ndinene maganizo anga mosabisa, potengera zimene mwalemba zokha. Kumasulidwa kotheratu n'kotheka ngati mayi wa nzimbe ndi mboni zina atsimikiza chithunzi choyamba chija. Zikapanda kutero, nkhondo yeniyeni idzakhala yotsitsa mlandu kuchoka pa gawo 223 kupita pa kuvulaza, ndipo pamenepo mwayi ulipo wooneka: chida sanabwere nacho, iye ndiye anayamba kumenyedwa, ndi koyamba kupalamula, ndiponso ndi wachinyamata. Lamulo limalola loya kukambirana ndi boma kuti munthu avomere mlandu wocheperapo, ndipo makhoti athu amachepetsa chilango cha wovomera msanga, nthawi zina mpaka ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Koma asavomere mlandu wofuna kupha pongofuna kuti zithe msanga, kapena chifukwa wina m'chitokosi wamuuza kuti ukavomera amakumvera chisoni. Akafunsidwa m'khoti asanapeze loya, anene kuti akufuna loya kaye.

Mawa mukamapititsa chakudya, muyang'ane pamphumi pakepo. Ngati bala la botolo likuoneka, pemphani apolisi kuti apite naye kuchipatala ndipo lilembedwe m'lipoti, chifukwa pakatha milungu iwiri padzangotsala chipsera chimene wina anganene kuti n'chakale. Malaya amene anavala usiku umenewo, ngati ali ndi magazi ake ndipo ali kunyumba, musawachape, muwasunge n'kuuza loya. Ndipo mumufunse modekha, nkhani yake asanaikongoletse, kuti kuchokera pamene anamenyedwa kufika pabenchi la nzimbe panali mapazi angati, ndiponso mnzake uja anali atagwira chiyani m'manja pamene iye ankatema kachiwiri.